Momwe mwini malo ogona alendo angapezere thandizo la boma pokonzanso bizinesi yake

Ndege zonyamula anthu zitaimitsidwa pa 1 Epulo 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, malo ogona alendo a ku Mangochi, Senga Bay ndi Nkhata Bay anangoti zii, mabwato atakocheza pamchenga. Boma linachotsa kwa kanthawi msonkho wa zokopa alendo, ndipo mabanki anapatsa angongole mpata wa miyezi itatu osabweza. Komabe thandizo lotere limafika kwa amene ali m'kaundula wa boma, choncho ntchito yanu iyambire pa mapepala.

Choyamba, lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, kenako mutenge nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA. Mukatero, pemphani chiphaso ku nthambi ya boma yoona zokopa alendo. Oyendera malo amafika ndithu mpaka kukhitchini ndi kuzimbudzi, ndiye musanawaitane konzani mpope wodontha uja, sinthani maneti obooka, ndipo onetsetsani kuti chozimitsira moto sichinathe mphamvu.

Gawo lachiwiri ndi limene lili ndi phindu lenileni, ngakhale kuti eni malo aang'ono ambiri amaliona ngati la mahotela akuluakulu okha. Malamulo a msonkho amalola mahotela ndi malo ogona alendo ovomerezeka kuitanitsa katundu wina kuchokera kunja, monga mipando ndi zipangizo zogwirira ntchito, osalipira msonkho wa pachipata. Funsani kaye ku MRA ngati malo anu akukwanitsa zofunika, lembani mndandanda wa katunduyo, muphatikize mainivoisi ochokera kwa wogulitsa ndi chiphaso chanu, ndipo mudikire yankho lolembedwa katunduyo asananyamuke. Kuyamba kuthamanga ndi makalata thiraki itaima kale pa Mwanza kapena pa Songwe ndi kudziputira ndalama zosungitsa katundu zimene zimakwera tsiku ndi tsiku. Katundu wolowa mwa njira imeneyi saloledwanso kugulitsidwa mwachisawawa.

Chachitatu, sungani buku la alendo ndi malisiti, ndipo ndalama zizidzera ku akaunti ya bizinesi, osati ya mwini. Wobwereketsa ndalama aliyense, wa boma kapena banki, adzafuna kuona mmene malonda anagwera mu 2020 ndi mmene akudzukira tsopano.

Pomaliza, dzionetseni kumene boma likuitanira alendo. Chionetsero cha Takulandirani, chimene chimachitikira ku Lilongwe, chimabweretsa makampani oyendetsa alendo ochokera kunja, pomwe Seputembala ndi mwezi wa zokopa alendo. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79, koma malamulo a viza amasinthasintha, choncho tsimikizani ku ofesi ya Immigration musanalonjeze mlendo chilichonse. Pa mitengo yanu muikeponso wa Amalawi, m'makwacha, pakuti nthawi imene bwalo la ndege la Kamuzu linali lotseka, amene ankagona m'zipinda zija anali ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre konkuno.