Mmene nyemba zinathandizira mwana wanga pa masamu a algebra

Mwana wanga wa Fomu 1 ankalakwa samu ya 2x + 3 = 11, chifukwa ankaphatikiza 3 ndi 11, kenako n'kugawa pawiri, n'kupeza 7 m'malo mwa 4. Ndinamuloweza lamulo kangapo, koma kukacha ankaliiwala.

Kenako ndinaika nyemba zinayi m'bokosi lililonse la mabokosi awiri a machesi iye osaona, ndipo pambali pake ndinaikapo nyemba zitatu. Bokosi lililonse linkaimira x. Mbali ina ya tebulo ndinaikako nyemba 11. Ndinamufotokozera kuti mbali ziwirizi n'zolingana ngati sikelo ya pamsika, choncho chimene wachotsa uku ayenera kuchotsanso uko. Atachotsa zitatu mbali zonse ziwiri, kunatsala 8, ndipo anazigawa pawiri. Atatsegula bokosi n'kupezamo zinayi, anamwetulira. Sindinawononge ndalama iliyonse, ndipo tsopano yankho lililonse amalibwezera m'funso kuti alitsimikize.