Momwe mungawerengere ndalama zosamalira kavalo kuno ku Chipata

Mtengo wogulira kavalo mumalipira kamodzi. Zomwe zimabowola thumba ndi udzu, mankhwala ndi ziboda, mwezi ndi mwezi, ndipo nyamayi imatha kukhala zaka 25 kapena kuposa. Musanazike nsichi za khola, tengani kope muwerenge motere.

Yambani ndi kulemera kwake, poti chakudya ndi mankhwala zimayendera pamenepo. Ngati sikelo mulibe, tepi ya telala ikwanira. Yezani kuzungulira chifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kenako kuchokera paphewa mpaka kumapeto kwa thako, m'masentimita. Nambala ya chifuwa muichulukitse ndi iyo yomwe, kenako ndi ya utali, mugawe ndi 11,880. Chifuwa cha 175 ndi utali wa 160 zimapereka makilo pafupifupi 410.

Chachiwiri ndi udzu. Patsiku kavalo amadya udzu wouma wokwana makilo 2 pa makilo 100 aliwonse a thupi lake. Wa makilo 410 afunika 8, koma lembani 9 chifukwa wina amaupondaponda. Pamwezi ndi makilo 270. Kuyambira Meyi mpaka mvula itabwerera mu Novembala msipu umakhala wopanda kanthu, nthawi zina lupsa atapitamo, choncho sungani makilo pafupifupi 1,900. Ngati belo ndi la makilo 15, ndiye mabelo oposa 120. Gulani kapena mwetani mu Epulo udzu ukadali ndi masamba. Udzu wa mtundu wa Rhodes ndiye wabwino, tsekera wokhwima ndi wofolera nyumba basi. Mukadikira mpaka Okutobala mupikisana ndi a ng'ombe zamkaka ndipo mtengo mudzaumva. Wogulitsa asakuikireni yekha m'ngolo: masulani belo limodzi, lowetsani mkono pakati. Mukamva kutentha kapena fungo la nkhungu, lisiyeni, ngakhale akuchotsereni mtengo. Masangwi a nsawa oumitsidwa bwino ndi ndiwo yabwino ya kavalo, ndipo pokolola alimi ambiri amakupatsani motchipa.

Tsopano gaga, pomwe ambiri amagwera. Kuno gaga ndi wosavuta kupeza, chigayo chili paliponse, ndiye munthu amangodzaza beseni m'mawa ndi madzulo nkumati kavalo wakhuta. Vuto loyamba ndi mimba. Chifu cha kavalo ndi chaching'ono ndipo sasanza. Mukampatsa gaga wambiri nthawi imodzi amasasa m'matumbo, nyama imayamba kupalasa pansi, kuyang'ana kumimba, kugubuduka ndi kutuluka thukuta. Zikatero chotsani chakudya, muyendetseni pang'onopang'ono, itanani dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Musapitirire makilo 2 pa kudya kumodzi, ndipo kavalo wosagwira ntchito yolemetsa kilo imodzi patsiku imkwanira. Chakudya chatsopano chilowe pang'onopang'ono, kwa masiku 7 mpaka 10.

Vuto lachiwiri limabwera mwakachetechete. Gaga ali ndi mchere wa m'thupi wotchedwa phosphorus wambiri koma calcium, mchere wolimbitsa mafupa, wochepa kwambiri, choncho thupi limayamba kuchotsa calcium m'mafupa. Pakapita miyezi kavalo amatsimphina lero mwendo uwu mawa winawo, mafupa a nkhope nkutupa. Mankhwala ake ndi otchipa: supuni yaikulu imodzi ya laimu wa ziweto pa kilo iliyonse ya gaga. Ndikunena laimu wa m'sitolo ya zaulimi, osati wopakira nyumba. Onjezani mchere magalamu 30 mpaka 50 patsiku.

Vuto lachitatu ndi nkhungu. Chimanga chowola chili ndi poizoni amene amawononga ubongo wa kavalo, ndipo akayamba kudzandira kapena kuzungulira malo amodzi kawirikawiri sachira. Ena ogulitsa amasakaniza gaga wa chimanga chofumbwa, zosesa za pansi, ngakhale mchenga kuti thumba lilemere. Tapani pang'ono muthire m'kapu ya madzi, mchenga ukhala pansi. Gulani wa milungu iwiri yokha, thumba likhale pathandala, osati pasimenti. Ndipo musayerekeze kumpatsa chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chogula m'matumba. China chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene amapha kavalo ngakhale atadya pang'ono. Chakudya chopangidwira akavalo nthawi zambiri mumachiitanitsa ku Lusaka, ndiye muwerengerenso ndalama ya basi.

Madzi ndi malita 25 mpaka 50 patsiku, ndipo mu Okutobala zimaposa. Ngati mumagula pa mjigo, lembaninso zimenezo.

Za mankhwala patulani ndalama pachaka. Katemera wa nthenda yoopsa ya akavalo yotchedwa African horse sickness ndiye woyamba: amachokera ku Onderstepoort ku South Africa, amabaya kawiri motalikana milungu itatu, mvula isanayambe, ndipo ayenera kufika ali wozizira. Nthendayi imafala ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, choncho m'dzinja kavalo alowe m'khola dzuwa lisanalowe, atuluke mame atauma. Onjezani katemera wa kafumbata ndi wa chiwewe. Mankhwala a nyongolotsi monga ivermectin perekani motsata kulemera kuja. Pa nkhupakupa musagwiritse dibi ya ng'ombe yokhala ndi amitraz, imaimitsa matumbo a kavalo. Kumunsi cha ku Mambwe ndi Mfuwe kuli kashembe, kumeneko kavalo musapite naye.

Ziboda zisengedwe milungu 6 mpaka 8 iliyonse. Odziwa ntchitoyi ndi osowa kuno, ndiye gwirizanani ndi anzanu oweta muitane mmodzi, mugawane thiransipoti. Mano aonedwe kamodzi pachaka. Zingwe, chishalo, malipiro a wosamalira ndi kukonza mpanda muziika mzere umodzi, ndipo pambali pazikhala ndalama yokwana kuitana dokotala usiku ndi mafuta a galimoto yake.