Chotsani chitsononkho pa paipi ya brifa

Chisanu cha chaka chino chandionetsa khalidwe limene ndinkayesa kuti tinalisiya kale. Poyendera makalabu a alimi a kachewere cha ku Bembeke, ndasuzumira m'maboneti a mapikapu akale angapo, ma Hilux a injini ya 3L ndi ma Isuzu KB, ndipo paipi ya brifa, yomwe injini imapumira, ndakhala ndikuipeza yotsekedwa. Wina watsekapo ndi chitsononkho, wina ndi bawuti, wina waipinda n'kuimanga ndi mphira wa chubu. Ukafunsa, akuti galimoto ikuvuta kulira m'mawa chifukwa mphamvu ikuthawira pamenepo.

Ayi ndithu. Injini ikakalamba, ma ringi a pisitoni sagwiranso bwino, choncho mpweya wotentha umadutsa n'kutsikira ku sampu kumene kumakhala oyilo. Paipi imeneyi, yochokera pamwamba pa injini, ndiye khomo lake lotulukira. Mukaitseka, mpweyawo subwerera m'masilinda kukakuthandizani kuliza galimoto. Umangofufuza pofooka. Dipisitiki imayamba kudumpha, magasiketi amayamba kuchita thukuta, kenako oil seal ya kumbuyo kwa injini, kamphira kotchinga oyilo kuti asatuluke, imagonja, oyilo n'kunyowetsa kilatchi. Kachipangizoko n'kakang'ono, koma kuti makaniko akafikire ayenera kutsitsa giyabokosi yonse. Werengerani nokha kuti ndi matumba angati a kachewere amenewo, kuphatikiza masiku a msika amene galimoto yangogona pamiyala.

Ndiye pali madzi. Dizilo akamayaka amatulutsa nthunzi, ndipo kuno, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, chifunga chikagwa mu Juni ndi Julayi, injini yoyenda kuchoka kunyumba kupita kudimba basi situlutsa kutentha kokwanira kuumitsa nthunziyo. Imasanduka madzi n'kusakanikira ndi oyilo. Tsegulani chitsekerero cha oyilo muone: phala loyera lija, longa chambiko, ndi limenelo. Limatha kutseka brifa palokha popanda wina kuthandizira, ndiye inu n'kuwonjezeranso chitsononkho!

Bambo wina wandevu zaimvi anandiyankha mosatekeseka. “Alangizi, galimotoyi ndi nkhalamba ngati ine. Ikamatsokomola utsi pa paipi, chimalowa ndi chisanu. Ndiye ndaifunditsa.” Sabata yotsatira ndinawapeza m'mbali mwa msewu wa M1, asanafike pa Lizulu, matumba ali phaa kumbuyo, injini ikulira koma galimoto ikukanika kukwera kamtunda kakang'ono. Pansi pali kadziwe kakuda. Anzawo anali atagulitsa kale, mavenda a ku Lilongwe akumanga katundu. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Musandikumbutse.”

Anthu omwewa ndi amenenso amanunkhitsa injini kansanza ka petulo m'mawa, kapena kusonkha moto pansi pa sampu ngati akuphika mkute. Petulo amaphulika nthawi isanakwane, makamaka mapulagi a hita, amene amatenthetsa injini isanalire, akakhala otentha, ndipo amathyola ma ringi omwe atha kalewo. Mawa lake brifa ifuka kuposa dzulo, mwini wake n'kuthamangira chitsononkho chokulirapo. Ndatopa nazo kunena.

Zochita si zambiri. Chotsani chotsekacho, tsukani paipi ndi palafini, ikauma muibwezere. Ngati galimoto ikuvuta kulira kukazizira, yambani ndi mapulagi a hita: makaniko awayeze limodzilimodzi, poti limodzi likafa injini imanjenjemera n'kufuka utsi woyera. Dikirani kanyale ka hita kazime musanapotokole kiyi, kukazizira kwambiri bwerezani kawiri. Palani mitu ya batire. Oyilo akhale 15W-40 wa injini za dizilo, osati wolemera wothira kuti abise utsi. Ndipo injini ikulira yokha, masulani chitsekerero cha oyilo. Ngati chikuvina, utsi ukutuluka pwepwepwe, ma ringi atha. Yambani kupatula ndalama yokonzetsera injini pa kachewere wa chaka chino.