Musamate simenti pokonza khonde lapakati la nyumba ya dogtrot

Kwa inu amene mukukonza nyumba zakale za dogtrot ku Tennessee kapena Alabama m'dziko la America, zija za m'ma 1800 za zipinda ziwiri zamitengo zokhala ndi khonde lodutsa mphepo pakati. Ambiri analitseka ndi matabwa kuti likhale chipinda. Politsegula musagumule ndi hamala, zulani thabwa limodzilimodzi. Kenako bayani mtengo wapansi penipeni ndi sikuludiraiva. Ikangolowa mosavuta, ndiye kuti mtengowo wawola kapena chiswe chadya, usinthidwe kaye.

Mipata ya pakati pa mitengo imateni ndi laimu wosakaniza ndi mchenga. Simenti ayi ndithu! Imatsekera chinyezi, mtengo n'kumawolera m'kati inu osadziwa, pomwe laimu amalola chinyezicho kutuluka, mitengo n'kukhala youma.