Musanagule mahedifoni akale mumsika wa Zomba

Mukapeza mahedifoni a kaunjika mumsika, musathamangire kulipira pongoona dzina loti Sony kapena Sennheiser. Fufuzani kaye nambala ya mtundu wake. Kawirikawiri imalembedwa pambali, kapena mkati mwa chokoleka pamutu chija.

Ambiri mwa mahedifoni amenewa ndi a zaka zambiri, ndipo masamba ena a pa intaneti amene akatswiri ankawayerekezapo anatsekedwa. Koma zolembazo sizinapite zonse. Bungwe la Internet Archive lakhala likusunga masamba a pa intaneti kuyambira 1996, ndipo mumawapeza pa web.archive.org. Apa mpofunika adiresi ya tsamba, dzina la mahedifoni lokha silikufikitsani patali. Pa web.archive.org pomwepo, yesani kulemba innerfidelity.com, tsamba lomwe ankayezerapo mahedifoni ndi makina. Sankhani chaka chakale, mwina 2015, kenako dinani tsiku lozunguliridwa ndi buluu pa kalendala. Likakana, yesani tsiku lina. Masambawa amatseguka mochedwa, choncho likangotseguka lijambuleni pafoni bandulo isanathe.

Chimene ine ndimayang'ana koyamba pamasambawa ndi ma ohm, nambala yokuthandizani kudziwa ngati foni ingawakwanitse mahedifoniwo: ikakhala yaikulu, foni imavutika kukweza mawu. Sennheiser HD 600 ili ndi ma ohm 300, ndipo pafoni wamba imamveka motsika ngakhale mukweze mpaka kumapeto, imafuna amplifaya, kachipangizo kokweza mawu. Sony MDR-7506, yomwe inatuluka mu 1991, ili ndi 63 okha, foni imaikwanitsa bwinobwino. Kwa ana asukulu a ku Chirunga omvera pafoni kapena palaputopu, yachiwiriyi ndiyo ya nzeru.

Mukabwerera kwa wogulitsa, mumupemphe mwaulemu muyese pafoni yanu. Nyimbo ikulira, gwedezani waya pafupi ndi pulagi. Mbali imodzi ikamaduladula mawu, pemphani atsitse mtengo kapena asiyeni. Masiponji onyenyeka asakuopseni, amenewo amasinthidwa.