Kusankha ndi kuumitsa epoxy pomanga ndodo za gofu

Mutu wa ndodo ya gofu umagwira ku shafti (thunthu lalitali la ndodoyo) ndi guluu wa epoxy wosakwana galamu imodzi, amene amakhala m'kabowo ka pakhosi pake kotchedwa hosel. Ngakhale pa madraiva (ndodo zomenyera mpira kutali) amakono omanga ndi sikuluu, adaputala yake imamatidwa ku shafti ndi epoxy yemweyo.

Posankha, musathamangire guluu wolimba kuposa onse. Epoxy wa gofu, monga wa GolfWorks kapena Brampton, anapangidwa kuti azipirira kugunda ndi kupotokola, koma azifewa akatenthedwa kufika pafupifupi madigiri 120, kuti tsiku lina shafti idzazulike. Guluu womatira zitsulo za galimoto, ngati J-B Weld, amapirira moto woposa madigiri 250, ndipo shafti ya graphite imawonongeka iye asanafewe. Nayenso epoxy wa mphindi 5 wa m'mashopu a hadiweya akauma sapirira kugunda, amang'aluka. Pomanga seti yonse tengani wa maola 24, chifukwa ndi wolimba ndipo amakupatsani mpata wowongola ndodo iliyonse. Wofulumira, bola akhale wa gofu, ndi wokonzera ndodo imodzi imene mwini wake akuidikira pakhomo.

Komabe mitu yambiri imene imafwamphuka pabwalo, vuto silikhala guluu ayi, koma kukonza kwake. Yambani mwaona ngati shafti ndi hosel zikugwirizana: kunenepa kwa nsonga ya shafti pa ndodo za mtundu wa iron kumakhala mainchesi 0.355 kapena 0.370, pa za mtundu wa wood 0.335 kapena 0.350. Lowetsani shafti popanda guluu mpaka igunde pansi, nthawi zambiri mamilimita 25 mpaka 32, ndipo lembani pamene yalekezera. Ngati ndi yachitsulo, kwechani nsonga yolowa mu hosel ndi sandipepala wa nambala 80 mpaka kunyezimira konse kuthe, chifukwa epoxy sagwira pa chrome yosalala. Ya graphite imafuna dzanja lofatsa. Chotsani penti yokha. Mukaona fumbi lakuda likuchuluka, mwayamba kudya ulusi wa graphite umene unapanga shaftiyo, ndipo shaftiyo idzathyokera pomwepo. M'kati mwa hosel palani guluu wakale yense ndi burashi ya waya, pukutani mbali zonse ziwiri ndi mankhwala otsukira otchedwa acetone, ndipo musagwirenso ndi zala.

Finyani resin ndi hardener (mankhwala awiri amene amapanga epoxy) pakatoni, mizere iwiri yofanana kutalika ndi kunenepa, pokhapokha botolo litanena muyeso wina. Kuwonjezera hardener sikufulumizitsa kanthu, kumangosiya guluu wofewa ngati chingamu. Takasani kwa mphindi yathunthu, mukukokolola ndi wa m'mbali momwe, mpaka mtundu ukhale umodzi. Valani magolovesi, hardener amayabwa khungu. Ngati shafti ikugwedera pang'ono, thirani timikanda tagalasi tochepa zedi, tongokwana pansonga ya kamtengo kotakasira, kuti ikhale pakati penipeni. Ikamagwedera kwambiri pamafunika shim (kachitsulo kopyapyala kotsekera mpatawo), osati guluu wambiri.

Lowetsani kaye ferrule (kamphete ka pulasitiki kokhala pamwamba pa hosel) pa shafti. Kenako pakani guluu mopyapyala kunsonga ya shafti ndi m'makoma a hosel, osadzaza bowo lonse. Wochuluka amakwera m'kati mwa shafti n'kuuma ngati chotsekera. Chimenechi chikathyoka chimachita phokoso m'ndodomo, ndipo chikapitirira pakhosi pa mutu chimafooketsa graphite pamalo amene imapindika kwambiri. Kankhani shafti mukuizunguliza, gogodani kumapeto kwake pansi kuti ikhale bwino, yang'anani chizindikiro chija, n'kupukuta wotuluka asanagwire. Mukaona shafti ikubwerera yokha, ndi mpweya wapanikizika. Izi zimachitika kwambiri ngati gripu (chogwirira cha kumapeto kwa ndodo) ili kale pamalo, choncho tsegulani kabowo ka kumapeto kwa gripuyo.

Epoxy sauma ndi mphepo ngati penti. Amalimba chifukwa mankhwala awiriwo akugwirana, ndipo ntchitoyi imadalira kutentha. Maola olembedwa pabotolo amawerengedwa pa madigiri 21 mpaka 24. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10, nthawi imatalika pafupifupi kawiri, ndipo pansi pa 15 guluu wambiri amangozengereza. Ndodo yomatidwa madzulo a mu Juni n'kugona m'galaja ku Dedza kapena ku Mzuzu siikhala italimba m'mawa, ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Iloweni nayo m'nyumba, muitsamiritse kukhoma mutu uli pansi, ndipo isasunthidwe. Kufunditsa pang'ono kumathandiza, koma osaiika pafupi ndi mbaula kapena kuiwomba ndi heat gun (chida chouzira mpweya wotentha), chifukwa guluu amasungunuka n'kuyenderera, ferrule n'kupindika.

Katoni yotakasira ija musataye. Isiyeni pambali pa ndodozo kuti izizidwe kapena kufundidwa chimodzimodzi. Mawa lake dinani guluu wotsalayo ndi chikhadabo. Chikalowa, dikirani tsiku lina. Akakhalabe wonata patatha masiku awiri m'chipinda chofunda, ndiye kuti muyeso unalakwika kapena guluuyo ndi wakale, ndipo palibe kuchitira mwina koma kuzula shafti, kupala zonse ndi kumatanso ndi botolo latsopano.