Bedi lokweza kapena lokumba? Yang'anani kaye malo anu

Alimi anzanga, mvula ikangokata anthu amayamba kundifunsa kuti, "Alangizi, kuseri kwa nyumbaku tibzaleko chiyani?" Ine ndisanatchule mbewu iliyonse ndimayamba ndafunsa mafunso anga awiri. Madzi mumatunga kuti? Nanga mvula ikagwa pamalopo, madzi amadikha kapena amathamanga? Mayankho a mafunso awiriwa ndiwo amanena mtundu wa bedi lomwe mukonze, ndipo bedi mukaliphonya, ngakhale mutagula mbewu yodula motani, ndiwo simudya.

Tiyambe ndi a kudimba, amene malo awo ali m'dambo kapena m'mbali mwa mtsinje. Inu vuto lanu nthawi ya dzinja ndi madzi ochuluka, paja walira mvula walira matope. Mizu ya tomato, kabichi ndi anyezi imafuna mpweya, ndipo ikakhala m'madzi masiku angapo imawola. Kwezani bedi ndi masentimita 15 mpaka 20, m'lifupi likhale mita imodzi kuti muzipalira ndi kuthyola mutaima m'kanjira osaponda pabedi. Kutalika kwake zili kwa inu. Tomato wa dzinja amavutanso ndi matenda a chiwawu, makamaka kumalo ozizira ndi a nkhungu monga Dedza, Ntcheu ndi Thyolo. Mumangirireni kumitengo, chotsani masamba a m'munsi okhudza dothi, ndipo pothirira lozetsani kheni patsinde, osati pamasamba. Chinanso, musalime mpaka pagombe penipeni pa mtsinje. Siyani bango ndi udzu zigwire nthaka, apo ayi dimba lanulo mudzalipeza litapita ndi madzi.

Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso m'mbali mwa nyanja monga Salima, Mangochi ndi Nkhotakota, nkhani imatembenuka. Kumeneko dzuwa la Okutobala silichita masewera, ndipo malo ambiri a kunyanja ndi a mchenga woti ukathira ndowa yathunthu, pakapita kanthawi pang'ono pauma gwa. Bedi lokweza kumeneko ndi kutaya madzi. Kumbani bedi lilowe pansi ngati beseni, masentimita 10 kapena 15, m'mbali mukhale kamzere kotchinga. Sakanizani dothi ndi manyowa ambiri okupsa bwino, chifukwa manyowa ndiwo amagwira madzi mumchenga. Mukawokera mbande, phimbirani ndi udzu wouma, mapesi oduladula kapena makoko a mtedza, koma musiye kampata pozungulira tsinde kuti lisawole komanso chiswe chisapeze poyambira. Bedi lophimbira limasunga chinyezi moti amene amathirira m'mawa ndi madzulo angathe kumathirira kamodzi. Izi si zazing'ono kwa mayi amene amasenza madzi kuchokera pamjigo.

Pa kasankhidwe ka mbewu m'madera otenthawa ndimalimbana kwambiri ndi alimi. Aliyense amafuna kabichi ndi repu chifukwa ndi zomwe zimagulitsidwa m'timapaketi. Koma mbewu zimenezi zimakonda kuzizira, nyengo yake yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kukatentha zimagwidwa nsabwe, ndipo mpiru umathamangira kuchita maluwa. Chilimwe bzalani bonongwe, therere, khwanya wa khobwe, kholowa, mabilinganya ndi nkhwani. Bonongwe amayamba kuthyoledwa patangotha masabata atatu kapena anayi chifesereni, ndipo mukamatsina nsonga amaphukanso. Luni ndi chisoso zimene ena amazula ngati udzu ndi ndiwo zopatsa thanzi zosafuna mankhwala. Pakona pa mpanda ikanipo mtengo umodzi kapena iwiri ya chammwamba, umamera ngakhale mutangozika nthambi, ndipo masamba ake amakupulumutsani mwezi umene dimba lili pululu.

Tsopano a m'tauni. Wina amakhala nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Chinsapo, pabwalo ndi simenti kapena dothi lolimba ngati mwala, ndiye amati ulimi si wake. Ayi ndithu. Pezani thumba lomwe munali chimanga kapena feteleza la makilogalamu 50, mulitsuke. Sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba ndi gawo limodzi la manyowa. Tengani chitini chobowola mbali zonse ziwiri, chiimikeni pakati pa thumba, thiranimo timiyala, kenako dzazani dothi mozungulira chitinicho. Kokerani chitini m'mwamba, thiraninso miyala, dothi m'mbali, mpaka thumba lidzaze. Mukatero pakati pamakhala mzati wa timiyala, ndipo madzi mukathira pamenepo amatsika n'kufalikira thumba lonse. Bowolani timabowo m'mbali motalikirana ngati chikhato ndi theka, mulowetsemo mbande za repu, mpiru kapena Chinese. Pamwamba ikanipo anyezi kapena tomato mmodzi. Matumba atatu kapena anayi amachepetsa ndithu maulendo a kumsika, ndipo tsiku losamuka mumakweza pa ngolo limodzi ndi katundu. Ndowa zobooka ndi mabeseni otha ntchito nazonso ndi dimba, bola pansi pakhale potulukira madzi.

Chimene a m'tauni amaiwala ndi dzuwa. Masamba amafuna maola pafupifupi 6 a dzuwa patsiku. Thumba mukaliika kuseri kwa mpanda wa njerwa kapena pansi pa mtengo wa mango, mbewu zimangotalika zili zowonda ndi zotumbuluka. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbale zopanda mafuta ambiri musataye, thirirani patsinde. Koma madzi ochapira matewera kapena amene mwathiramo mankhwala oyeretsera zovala asafike pa ndiwo.

Amene muli pamalo otsetsereka, mabedi anu apingase phiri, asaloze kumunsi, ndipo m'munsi mwake bzalani mzere wa udzu wa vetiva.

Malo onsewa amakumana pa manyowa. Ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku, zimawotcha mbande ndipo zimabwera ndi njere za udzu. Zisiyeni zipse kaye, kaya m'dzenje, kaya pa mulu wa changu (wotembenuzatembenuza kuti upse msanga) kapena wa chimato (womata ndi dothi). Manyowa okupsa amakhala akuda, ofumbutuka, osatentha mukapisamo dzanja, fungo lake ngati dothi la m'nkhalango. Amene muli ndi feteleza wochepa mutha kumuchulukitsa popanga manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21. Ine pa bedi la masamba ndimakondabe kompositi wamba, chifukwa amakonza dothi lenilenilo.

Pa tizirombo, mankhwala oyamba ndi maso anu. Tembenuzani masamba m'mawa uliwonse. Nsabwe ndi mazira a mbozi zimabisala kunsi, ndipo zikadali zochepa mumangozifinya ndi zala. Zikachuluka sinjani masamba a nimu, muwaviike m'madzi usiku wonse, sefani, onjezani kasopo pang'ono, n'kupopera madzulo. Mukagula mankhwala a kusitolo werengani masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwatsatire, poti ndiwozo akudya ndi ana anu omwe. Musabwereze tomato pamene panali tomato, mabilinganya, tsabola kapena mbatatesi, chifukwa ndi banja limodzi ndipo matenda awo ndi amodzi. Pambuyo pa tomato ikanipo nyemba kapena anyezi. Mukazula tomato n'kupeza mizu ili ndi timafundo totupa, dziwani kuti m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, ndipo bedi limenelo lipume ku mbewu za banja limeneli.

Ndisaiwale mdani wamkulu wa dimba la pakhomo, amene si mbozi konse, koma nkhuku ndi mbuzi za aneba. Chilimwe ziweto zimangotayiriridwa, ndipo chobiriwira chokha m'mudzi monse ndi bedi lanulo. Mangani mpanda wa udzu, bango kapena mapesi musanafese nazale, osati mbande zitadyedwa kale. Pansi pake patsekeni bwino, poti anapiye amalowa ngakhale pamene mukuganiza kuti sipangalowe khoswe.